Mdima umene suli tchimo: yankho kwa mayi wa ku Mufakose

Funso: Abusa, ndine mayi wamasiye wa ku Mufakose kuno ku Harare, ndipo makolo anga anachokera ku Dedza. Amuna anga anamwalira chaka chatha, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mumtima mwanga muli mdima. Ndikagwada kuti ndipemphere mawu sabwera, ndipo nyimbo zimene ndinkazikonda ku chigwirizano sizindikhudzanso. Pa mapemphero ena ochezera usiku wonse, mlaliki wodzacheza anati Mkhristu weniweni sakhala mumdima, ndipo amene akumva mdima mumtima ndiye kuti ali ndi tchimo lobisika kapena wina pachibale anamulodza. Mdzukulu wanga wa zaka 9 nayenso anabwera kuchokera ku Sande sukulu ndi funso lakuti, ngati tchimo ndi lakuda ndipo mtima wabwino ndi woyera, nanga ife anthu akuda tili mbali iti? Ndinasowa chomuyankha. Kodi Baibulo likamanena za kuunika ndi mdima limatanthauza chiyani?

Yankho: Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo, ndipo zikomo kuti simunabise zimene zili mumtima mwanu. Mlaliki uja anatenga mitundu iwiri ya mdima imene Baibulo limaisiyanitsa bwino lomwe, n'kuithira mumphika umodzi. Pali mdima umene munthu amaufuna yekha kuti abisalemo, ndipo palinso mdima umene umamugwera munthu asanaupemphe, monga momwe usiku umamupezera wapaulendo asanafike kumudzi. Woyambawo ndi umene Malembo amaudzudzula. Wachiwiriwo anadutsamo aneneri, olemba Masalimo ndi Ambuye Yesu mwini, ndipo malinga ndi zimene mwalemba, ndi umene inu mulimo.

Chisokonezo china chimachokera m'chiyankhulo chathu chomwe. M'Chichewa mawu akuti kuda anasenza katundu wambiri. Dzuwa likalowa timati kunja kwada, malaya akakhala ndi litsiro timati ada, munthu amene sitimufuna timati tikumuda, mtima ukapanda kukhazikika timati tikuda nkhawa, ndipo khungu lathu timati ndi lakuda. Mawu akuti kuyera nawonso ndi chimodzimodzi, pakuti ufa ndi woyera, mbale yotsuka yayera, Mzimu ndi Woyera, ndipo nkhani yosabisika timati ili poyera. Pamene Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, linkamasulira mawu oyamba a Mulungu pa Genesis 1:3, linagwiritsa ntchito liwu limodzi lokha lakuti "Kuyere". Ndi kumasulira kokoma kwambiri, koma kumachititsa kuti wowerenga Chichewa amve kuwala, ukhondo, chiyero ndi mtundu wa chinthu zonse m'liwu limodzi, pamene Chihebri ndi Chigriki zili ndi mawu osiyana pa chilichonse mwa zimenezi. Mlaliki wosasamala amatha kudumpha kuchoka pa tanthauzo lina kupita pa lina osadziwa kuti wadumpha, ndipo omvera amatsala ndi mantha amene Malembo sanawapatse.

Tikabwerera ku Genesis komweko, tiona kuti Mulungu atalenga kuunika sanauthe mdima. Anaulekanitsa ndi kuunika, naupatsa dzina lakuti usiku, ndipo ife Achewa tikudziwa kuti wotcha dzina ndiye mwini ulamuliro. Masalimo 104:20 amati Mulungu ndiye amaika mdima kuti kukhale usiku, Yesaya 45:7 amati Iye ndiye aumba kuunika nalenga mdima, ndipo Masalimo 139:12 amanena kuti kwa Iye mdima ndi kuunika zili chimodzimodzi. Choncho Baibulo silidziwa za mafumu awiri olingana mphamvu, wina wa kuunika wina wa mdima, amene akukokana chingwe ndipo sitikudziwa kuti apambane ndani. Chiphunzitso chimenecho chinalipo, ndipo anachifalitsa ndi Mani, munthu wa mu ufumu wa Persia wa m'zaka za m'ma 200. Augustine, mwana wa mu Africa muno wobadwira ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, anatsata chiphunzitso cha Mani kwa zaka pafupifupi 9 asanatembenuke mtima ku Milan m'chaka cha 386. Atakhala bishopu wa ku Hippo anaphunzitsa kuti choipa chilibe thupi lakelake, koma ndi kusowa kwa chabwino, monga momwe mdima uliri kusowa kwa kuunika. Mukhoza kubweretsa nyali m'chipinda, koma palibe amene angatunge mdima m'ndowa kuti akauthire m'chipinda chowala. Ndikamamva maulaliki ena a masiku ano, amene amatchula dzina la Satana kambirimbiri kuposa la Khristu, ndimaona ngati Mani anaukanso ndipo wagula zokuzira mawu.

Usiku pawokha si woipa, ndipo ife a kuno tiyenera kudziwa zimenezi kuposa ena. Makolo athu amene anabwera kuchokera ku Nyasaland, ena mwa iwo wapansi, ambiri anagwira ntchito ya ulonda, ena m'migodi momwe usana ndi usiku sizisiyana, ndipo ndi anthu omwewo amene anadzaza mipingo imene inadzakhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Masalimo 134 ndi nyimbo ya atumiki oimirira usiku m'nyumba ya Yehova. Uthenga wa kubadwa kwa Yesu unafikira abusa a nkhosa ali pa ulonda usiku, ndipo Yohane 20:1 amati Mariya wa Magadala anafika kumanda kukadali mdima, n'kupeza mwala utachotsedwa kale. Ntchito yaikulu koposa ya Mulungu inachitika anthu asanaone dzuwa.

Nanga mdima umene Malembo amaudzudzula ndi uti? Yankho lomveka bwino lili pa Yohane 3:19-21, pamene akuti kuunika kunadza m'dziko, koma anthu anakonda mdima koposa kuunika chifukwa ntchito zawo zinali zoipa, ndipo wochita zoipa safika pa kuunika kuopa kuti ntchito zake zingaonekere. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti anakonda. Mdima umenewu ndi wosankha, ndipo chizindikiro chake ndi kubisa. Magetsi akabwera mwadzidzidzi pakati pa usiku mutaiwala kuzimitsa babu la kukhitchini, mumaona mphemvu zikubalalika kuthawira kuseri kwa kabati, pamene mwana amene amalira chifukwa cha mdima amatonthola. Onse anali mumdima umodzi, koma kuwala kutabwera zinadziwika kuti amaukonda ndani ndipo amavutika nawo ndani. Inu mwalemba kalata yofunsa za kuunika, ndipo munthu wokonda mdima sachita zimenezo.

Zaka zapitazo ndinaitanidwa kukathandiza pa mkangano wa m'bungwe lina la maliro, mwa mabungwe aja amene anthu akwathu anayambitsa kuti mnzawo akamwalira kuno asaikidwe ngati wopanda abale. Msungichuma wake anali munthu wodziwa kupemphera, wa mawu okoma, wosajomba kutchalitchi, koma nthawi iliyonse imene mamembala apempha kuti buku la ndalama liwerengedwe pamaso pa onse, iye amati laiwalika kunyumba kapena lanyowa ndi mvula. Tsiku limene bukulo linaikidwa patebulo, masamba atatu anali atang'ambidwa. Munthuyo sankamva mdima uliwonse mumtima, ndipo ankagona tulo tabwino, koma m'chiyankhulo cha Yohane iye ndiye anali kuyenda mumdima. N'chifukwa chake ndimakana kuyeza kuunika ndi momwe munthu akumvera mumtima. Paulo anachenjeza pa 2 Akorinto 11:14 kuti Satana yemwe amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika, kutanthauza kuti kuwala kwa nkhope ndi kukoma kwa mawu si umboni. Yohane polemba za Yudasi akutuluka m'chipinda chodyera kukapereka Mbuye wake, anangowonjeza kuti unali usiku, ndipo wowerenga amamva yekha kuti sakunena za nthawi yokha. Koma Yohane yemweyo akutiuza za Nikodemo amene anadza kwa Yesu usiku ndi mafunso ake, ndipo pa mutu 19 tikumupeza poyera atanyamula mure ndi aloe kukakonza mtembo wa Yesu, pamene ophunzira ambiri anali atathawa. Onse awiri anayenda usiku, koma wina ankachoka pa kuunika ndipo wina ankapita kumeneko.

Kalata yoyamba ya Yohane imapereka miyeso iwiri yokha ya kuyenda m'kuunika, ndipo yonse ndi yooneka ndi maso. Woyamba uli pa 1:7-9, ndipo ndi kuvomereza machimo m'malo monena kuti tilibe tchimo, kotero kuti woyenda m'kuunika si munthu wosalakwa koma wosabisa. Wachiwiri uli pa 2:9-11, pamene akuti wonena kuti ali m'kuunika koma akudana ndi mbale wake akadali mumdima, ndipo sadziwa kumene akupita. Apa ndi pamene mawu a mlaliki uja akundidetsa nkhawa kwambiri. Pokuuzani kuti mwina wina pachibale anakulodzani, anakupatsani chifukwa choti muyambe kuyang'ana alamu anu, apongozi anu kapena anansi anu ndi diso lokayika, ndipo kukayika kukakula kumabala chidani. Mukatsata njira imeneyo mudzachoka mumdima wa chisoni, umene suli tchimo, n'kulowa mumdima weniweni umene Yohane akunena. Ndaona mabanja a ku Mbare ndi ku Highfield akupasuka pambuyo pa maliro chifukwa cha mawu otere, abale obadwa bere limodzi osaonetsana mano mpaka imfa. Dziwaninso kuti malamulo a Zimbabwe amaletsa kuloza munthu ufiti popanda umboni. Ngati pali tchimo limene mukulidziwa, livomerezeni ndipo lakhululukidwa, koma musayambe kufukula mumtima usiku wonse kufunafuna tchimo limene kulibe pongofuna kupeza chifukwa cha chisoni chanu. Chifukwa chake mukuchidziwa kale, ndi chakuti munaika m'manda munthu amene munkagona naye mphasa imodzi.

Tsopano za mdima wanuwo. Vesi limene ndikufuna mulisunge ndi Yesaya 50:10, limene limafunsa kuti ndani mwa inu amaopa Yehova ndi kumvera mawu a mtumiki wake, koma akuyenda mumdima wopanda kuunika, ndipo limati munthu wotere akhulupirire dzina la Yehova ndi kutsamira pa Mulungu wake. Taonani kuti munthuyu ndi woopa Mulungu, ndi womvera, ndipo ali mumdima, zonse zitatu pa nthawi imodzi. Mneneri sakumuuza kuti alape. Vesi lotsatira ndi limene lili ndi chidzudzulo, ndipo chikupita kwa amene amadzikolezera moto wawowawo ndi kuyenda m'kuwala kwa nsakali zawo, ndiwo anthu amene sangathe kudikira Mulungu ndipo amathamangira kuwala kulikonse kumene kwawalonjeza yankho lamsanga. Mu mzinda uno muli ambiri ogulitsa nsakali zotere, ndi mafuta ndi madzi a m'mabotolo, ndipo amasiye ndiwo amawagula kwambiri.

Masalimo 88 ndi pemphero la munthu amene akufuula usana ndi usiku osayankhidwa, ndipo mosiyana ndi masalimo ena odandaula, ili silitembenukira ku chiyamiko pamapeto pake. M'Chihebri liwu lake lomaliza ndi mdima. Amene anasonkhanitsa Masalimo sanalichotse kapena kulikometsera, ndipo ine ndimati Mulungu analisiyamo chifukwa cha anthu onga inu, kuti mawu anu akatha mubwereke a m'bale wanu wakaleyo. Pa Eksodo 20:21 anthu anaima patali koma Mose anayandikira mdima wandiweyani kumene kunali Mulungu, ndipo Solomo potsegulira Kachisi anakumbutsa anthu kuti Yehova anati adzakhala mumdima wandiweyani. Pa Gologota, malinga ndi Marko 15:33-34, mdima unagwa padziko lonse kuyambira 12 koloko masana mpaka 3 koloko, ndipo pa mapeto a maola amenewo Yesu anafuula kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. Ngati kumva mdima ndi kusiyidwa kukanakhala umboni wa tchimo lobisika, mlaliki uja akanayenera kunena zomwezo za Iye amene anati, "Ine ndine kuunika kwa dziko lapansi." Akhristu akale ankaidziwa nyengo imeneyi ndipo sankachita nayo manyazi. Wansembe wa ku Spain, Juan de la Cruz, amene anatsekeredwa m'kachipinda kamdima ku Toledo kuyambira 1577 mpaka 1578, anaitcha usiku wamdima, ndipo anaphunzitsa kuti nthawi zina Mulungu amachotsa kukoma kwa pemphero kuti munthu aphunzire kukonda Mulungu mwini osati kukomako. Sindikunena kuti Mulungu anatenga bambo kuti akuphunzitseni kanthu, pakuti mawu otere ndi ankhanza ndipo palibe munthu amene ali ndi ulamuliro wowanena. Ndikungonena kuti kuuma kwa pemphero si chizindikiro chakuti Iye wachoka.

Pa Yohane 1:5 akuti kuunika kukuwala mumdima, ndipo liwu la Chigriki limene likutsatira lili ndi matanthauzo awiri, kotero kuti Mabaibulo ena amati mdima sunakuzindikire, pamene ena amati sunakugonjetse. Onse awiri ndi oona, koma chimene ambiri sachiona ndi malo amene kuunikako kukuwalira. Kukuwala mumdima momwemo, mdimawo usanachoke. Masalimo 119:105 amati mawu a Mulungu ndi nyali ya kumapazi, ndipo nyali ya m'nthawi imeneyo inali kambale kadothi ka mafuta a azitona ndi kachingwe, kosaposa koloboyi amene agogo athu ankayatsa kumudzi. Mukukumbukira chaka cha 2019, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Amayi opita kukapikula ku Mbare Musika ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, n'kuyenda kukakwera kombi ndi katochi ka pafoni, kamene kamangoonetsa dzenje lili patsogolo ndi madzi otayikira mumsewu, osaonetsa kumene msewu wathera. Komabe ankafika. Chimene Mulungu analonjeza kwa woyenda usiku ndi kuwala kwa mlingo umenewo, kokwanira phazi limodzi, ndipo Chivumbulutso 22:5 chimaika tsiku limene sikudzakhalanso usiku kutsogolo, osati lero. Pa vesi 16 ya mutu womwewo Yesu akudzitcha nthanda, ndipo aliyense amene anadzukapo kulawirira kumunda akudziwa kuti nthanda imaoneka kunja kukadali mdima.

Phazi limodzi limenelo kwa inu likhoza kukhala laling'ono kwambiri. Pitani ku chigwirizano ngakhale nyimbo sizikukukhudzani, mukhale pansi anzanu aziimba m'malo mwanu, ndipo muuze mayi mmodzi kapena awiri okhwima maganizo zimene mwandiuzazi, pakuti kutero ndi kumene Yohane akutcha kuyenda m'kuunika. Mawu a pemphero akasowa werengani Masalimo 88 kapena 42 mokweza, ndipo mudziwe kuti mwapemphera. Eliya atagona pansi pa mtengo n'kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamufunse za tchimo, koma anamupatsa mkate ndi madzi n'kumulola kugonanso, ndipo anamudyetsa kawiri. Thupi nalonso lili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Ngati miyezi ikupita osagona tulo, chakudya osachifuna, ntchito zapakhomo zikukukanikani, kapena mukuganiza kuti kuli bwino kufa, pitani kuchipatala msanga, chifukwa chisoni chimatha kusanduka matenda a maganizo amene anzathu Achishona amawatcha kufungisisa, ndipo matendawa ali ndi chithandizo. M'makiliniki ambiri a mu Harare muli ntchito ya Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, pamene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi kumvetsera anthu olemedwa mumtima. Kukhala pabenchi imeneyo sikutsutsana ndi chikhulupiriro, monga momwe kumwa mankhwala a malungo sikutsutsana nacho.

Funso la mdzukulu wanu ndi lanzeru, ndipo lisakuchititseni manyazi. Ndikuganiza kuti ku Sande sukulu anawaonetsa kabuku kaja kopanda mawu, ka masamba a mitundumitundu, kamene tsamba lakuda limaimira tchimo, lofiira magazi a Yesu, ndipo loyera mtima wotsukidwa. Kaphunzitsidwe kameneka n'kakale, ndipo mlaliki Charles Spurgeon anakagwiritsa ntchito ku London m'chaka cha 1866, koma mitunduyo anasankha ndi anthu, si Malembo. Pamene Baibulo likupatsa tchimo mtundu, pa Yesaya 1:18, limati machimo ndi ofiira ngati kapezi, osati akuda. Kuyera kwa maonekedwe nakonso sikuimira zabwino nthawi zonse, pakuti Yesu anatcha achinyengo manda opaka njereza, oyera kunja koma odzaza mafupa m'kati. Pa Numeri 12, Miriamu ndi Aroni ananyoza Mose chifukwa chokwatira mkazi wa ku Kusi, dziko la anthu akuda kum'mwera kwa Aigupto, ndipo Mulungu atakwiya Miriamu anagwidwa khate n'kuyera mbuu ngati matalala. Pa Nyimbo ya Solomo 1:5 mkwatibwi akunena yekha kuti ndi wakuda ndi wokongola, ndipo kaliwu ka Chihebri kamene Mabaibulo ena anakamasulira kuti "koma" ndi komweko kamene kawirikawiri kamatanthauza "ndipo". Aphunzitsi a Sande sukulu amene akuwerenga yankho lino ndikuwapempha kuti tsamba lakudalo alisinthe, kapena afotokoze momveka kuti likuimira usiku wobisalamo osati khungu la munthu, chifukwa ana amamva zambiri kuposa zimene timaganiza kuti tanena.

Mwanayo musamupatse mavesi onsewa nthawi imodzi. Tsiku lina magetsi akazima madzulo, mukhale naye pakhonde, muyatse kandulo, ndipo mumuuze aike dzanja lake pafupi ndi lawi kuti alione bwino. Mufunseni ngati dzanjalo lasintha mtundu chifukwa cha kuwalako. Akati ayi, mumuuze kuti mdima umene Yesu amadana nawo ndi uja wobisa ndalama ya chenje imene watumidwa nayo kugolosale kapena wonamizira mnzake kusukulu, ndipo khungu lake analiumba ndi Mulungu yemwe anati "Kuyere". Kenaka mumutsegulire Numeri 12 awerenge yekha nkhani ya Miriamu, ndipo akafunsa za agogo ake aamuna, musaope kulira pamaso pake.